Chigayo chikadya dzanja la munthu, nkhani isamathere pa "tiyeni tikambirane"

Anthu akamakamba za ngozi za pa nchito muno mu Zambia maganizo amathamangira ku migodi, ku Copperbelt, ndipo m'pomveka. Ambiri tikali kukumbukira April 2005 pamene fakitale ya mabomba a m'migodi ya BGRIMM ku Chambishi inaphulika n'kupha anthu opitirira 40 tsiku limodzi, dziko lonse linalira. Koma ife kuno kum'mawa tilibe migodi ikuluikulu ngati ija. Tili ndi zigayo, mashela a chimanga ndi nshawa, makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, majinale a thonje, makina ocheka matabwa, magalainda a anyamata owotcherera mageti m'mbali mwa mseu, makina oumbira mabuloko. Makina amenewa sapha anthu 40 nthawi imodzi ayi, amatenga chala lero, dzanja mwezi wa mawa, diso chaka china, munthu mmodzimmodzi, ndiye sizimveka pa wailesi ndipo palibe nduna imabwera kudzapepesa.

Tsiku lina mukadzakhala pa msika wa Kapata kapena ku Saturday market kuno ku Chipata muzayang'ane manja a azibambo amene akugulitsa tomato, ma talk time, kapena amene angokhala pa benchi kudikira pisiweki. Muzaona wina alibe chala cha mkombaphala, wina zala zake zinauma sizipindika. Mukawafunsa bwinobwino ambiri azakuuzani kuti "ninali kugwira pa chigayo" kapena "ni makina a matabwa", ndipo mukafunsanso kuti nanga munalandira chiyani, amaseka chabe.

Chimene chimandipweteka kwambiri si ngozi yokhayo, ndi zimene zimachitika ngoziyo ikatha. Koma tiyambe ndi makinawo kuti timvane.

Chigayo si chinthu chovuta kumvetsa. Pali mota kapena injini ya dizilo, pali pule ziwiri, lamba amalumikiza, ndipo mkati muli mahamala amene amazungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi kumenya chimanga mpaka chidutse pa sefa. Chigayo chikamachoka ku shopu chimabwera ndi chitsulo kapena waya wotchinga lamba ndi pule zija, anyamata amati gadi. Manje pitani mukazungulire zigayo za mu Mchini, Navutika, Magazine, kapena za m'midzi njira ya ku Chadiza ndi ku Lundazi, muwerenge nokha kuti ndi zingati zimene gadi ikali pamalo pake. Nthawi zambiri muzaipeza yatsamira pa chipupa yachita dzimbiri, kapena inapita kale kukakhala chitseko cha khola la nkhuku. Chifukwa chake n'chimodzi, lamba akatha amayamba kuterereka ndi kudumpha, ndiye kumasula mabauti a gadi nthawi iliyonse kumachedwetsa, mzere wa azimayi uli panja ndi matini awo, bwana akufuna ndalama ya tsiku, basi gadi imachotsedwa "kwa lero chabe" ndipo lero limenelo silitha. Kugula lamba watsopano kukanathetsa vuto lonse koma kugula lamba ndi ndalama ya bwana, pamene chala ndi cha mnyamata.

Ndipo lamba sasankha. Akagwira mkono wa shati, chingwe cha ovolosi, m'mphepete mwa chitenje cha mayi amene wawerama kutola ufa wake, amakoka munthu yense, munthu sangathe kudzikoka chifukwa zimachitika usanaphethire. Pena ndi pakamwa pa chigayo, chimanga chanyowa chatsekeka, mnyamata m'malo motenga ndodo amakankha ndi dzanja kaili wachita choncho kambirimbiri osavulala. Pena wazimitsa bwinobwino koma watsegula chitseko mahamala akali kuzungulira, pakuti chigayo sichiima pomwepo ukadina batani, chimapitiriza kanthawi mwakachetechete.

Palinso ina imene inakula ndi kuzimazima kwa malaiti. Mu 2024 chilala chija chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita maola ambiri, pena kubwera pakati pa usiku, ndiye zigayo zambiri zinayamba kugaya usiku, anyamata kugona pa masaka kudikira, kudzuka ndi tulo m'maso kuyatsa makina. Koma choopsa kwambiri ndi ichi, malaiti akapita chigayo chili mkati mogaya anthu amaiwala kuti switchi ikali pa on. Mnyamata amati mpata ndi uno ndiyeretse sefa, walowetsa dzanja, malaiti abwera. Sitata yabwino, ija ya mabatani awiri wobiriwira ndi wofiira, imadzizimitsa yokha malaiti akapita ndipo siyaka mpaka munthu adinenso. Koma sitata ikapsa ena samagula ina, amaitana wa magetsi wa pa kona kuti alumikize dailekiti pa buleka, ndiye chigayo chimenecho malaiti akangobwera chimadzuka chokha.

Ndi mmene anavulalira mwana wa mlongo wanga. Anali atalemba giledi 12, ndalama ya ku koleji palibe, ndiye anapeza nchito pa chigayo china mu komboni, malipiro a pa sabata, palibe pepala lililonse. Anaphunzitsidwa ndi mnzake amene anayamba miyezi yochepa iye asanabwere. Tsikulo malaiti anapita masana, iye anatsegula kuti asinthe sefa chifukwa amayi ena ankafuna ufa wosalala, malaiti anabwera dzanja lili mkati. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinapita, chachitatu madokotala anachisoka koma sichipindika mpaka lero.

Ndinamupeza ku chipatala dzanja lili m'mabandeji atalikweza pa pilo, tsitsi ndi nsidze zikali zoyera ndi ufa chifukwa palibe amene anaganiza zomupukuta. Mawu oyamba amene anandiuza sanali a ululu ayi, anati "amalume, abwana sanakalipe?" Mwana wataya zala koma nkhawa yake ndi yoti bwana wakwiya kuti ufa wa makasitomala waonongeka ndi magazi.

Mwini chigayo sanali munthu woipa mtima, ndinene zoona. Ndi iye anamunyamula pa galimoto yake, anagula mankhwala amene m'chipatala munalibe, anabwera ndi shuga, buledi ndi Maheu. Koma patapita masiku ochepa anabwera kunyumba kwa mlongo wanga madzulo ndi mkulu wina wa ku mpingo, anakhala pa mpando, chipewa m'manja, n'kuyamba kuti "amayi, ife ndife anthu amodzi, tisapite nazo kutali izi, tiyeni tikambirane pa chibale." Anatulutsa envulopu, ndipo analinso ndi kapepala kolemba pa manja koti banja lalandira chipepeso ndipo nkhani yatha. Mlongo wanga ndi mayi wamasiye, lendi inali itakwana, anaona ndalama ili pa tebulo, anakumbukira kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, anasaina. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono. Ndalamayo inalipira lendi, inagula matumba a ufa ndi yunifomu ya wamng'ono, mvula isanathe inali itatha. Mnyamata uja ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti akhale ndi dzanja limenelo, sangagwire bwino khasu, cholembera anachita kuphunziranso, ndipo pa chigayo paja panalowa mnyamata wina sabata yomweyo, waya uja ali momwemo.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse. "Tikambirane" ameneyu amaoneka ngati ulemu ndi mtendere, ndipo ife Achewa, Angoni, Ansenga timakonda mtendere, sitifuna kutchedwa okonda milandu. Koma amachita zinthu ziwiri nthawi imodzi, amamana wovulala chimene lamulo linamupatsa kale, komanso amabisa makinawo kuti aboma asadziwe kuti pamalo pakutipakuti pali chigayo chimene chadya munthu. Ngozi imene sinalembedwe, ku ofesi kuli ngati sinachitike. Insipekita sabwera, gadi sibwerera, sitata sigulidwa.

Anthu ambiri kuno amadziwa NAPSA, ya penshoni, chifukwa amaiona pa peyisilipu, ena amadziwa NHIMA, ya inshuwalansi ya chipatala, koma mukatchula Workers' Compensation amangoti tinamvako. Ndi bungwe la boma, dzina lake lonse Workers' Compensation Fund Control Board, likulu lake lili ku Ndola ndipo kuno ku Chipata ali ndi ofesi. Lamulo la 1999 la Workers' Compensation linanena kuti wolemba anthu nchito alembetse bizinesi yake ndi kumalipira ku thumba la ndalama la bungweli. Chofunika kumvetsa n'chakuti ndalama imeneyi amalipira ndi bwana yekha, si monga NAPSA kumene wanchito amadulidwa 5 peresenti ndipo bwana amaikanso 5 peresenti. Bwana akakuuzani kuti ndakudulani ya kompenseshoni, akukuberani. Ndipo si za makampani akuluakulu okha, ngakhale amene walemba wanchito wa m'nyumba akuyenera kulembetsa.

Munthu akavulala pa nchito bwana akuyenera kukanena ku bungweli pasanathe masiku 3 atadziwa za ngoziyo. Kuchoka apo bungwe limabweza ndalama za chipatala, limapereka kangachepe pa nthawi imene munthu sangathe kugwira nchito, ndipo bala likapola madokotala amayeza kuti kulumala kwake ndi maperesenti angati. Kukakhala kochepa amapereka ndalama kamodzi, kukakhala kwakukulu ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi. Amathandizanso ndi manja kapena miyendo yoikirira ndi njinga za olumala, ndipo munthu akafa pa ngoziyo mkazi kapena mwamuna wake ndi ana amalandira. Sindikunena kuti ndalamazo ndi zambiri, anthu amene amalandira amadandaula kuti n'zochepa, ndipo popeza amawerengera pa malipiro ako, amene ankalandira zochepa amalandiranso zochepa. Mapepala nawonso amafuna kuleza mtima. Koma kangachepe kobwera mwezi uliwonse kwa zaka, ndi fayilo imene ili ndi dzina lako bala likadzavutanso mtsogolo, sizingafanane ndi envulopu ya madzulo amodzi.

Bodza lalikulu limene anyamata amauzidwa ndi lakuti "iwe ndiwe wa ganyu, sunasaine kontilakiti, palibe chimene ungatenge." Employment Code Act ya 2019 imazindikira pangano la pakamwa ngati kontilakiti, ndipo ndi bwana amene akuyenera kusunga zolemba za pangano limenelo. Lamulo lomwelo limaletsa kusunga munthu ngati kazuwo pa nchito imene ndi yokhazikika. Chigayo chimagaya chaka chonse, munthu amene amachiyatsa m'mawa uliwonse angakhale bwanji wa ganyu? Bodza lachiwiri ndi lakuti "unalakwitsa wekha, unali wosasamala." Thumba la kompenseshoni silinakhazikitsidwe kuti lizifufuza amene anaphethira pa nthawi yolakwika, funso lake lalikulu ndi lakuti kodi munthuyu wavulala ali pa nchito ya bwana wake.

Ndiye ngati inu kapena mwana wanu wavulala, ku chipatala nenani zoona kuti ndavulala pa nchito, pa makina akutiakuti, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa choncho pa khadi. Ena amauzidwa m'galimoto popita kuti ukanene kuti unadzitema ndi nkhwangwa kunyumba, musavomere, chifukwa khadi limenelo ndiye umboni wanu woyamba. Wina ajambule makinawo pa foni tsiku lomwelo gadi isanabwezeretsedwe usiku. Sungani malisiti onse, mameseji a mobile money amene bwana ankakulipirirani, maina a amene analipo. Thandizo la bwana la mankhwala ndi chakudya landirani, palibe cholakwa, koma pepala loti nkhani yatha musasaine musanafunse. Bwana akamazengereza kukanena pitani nokha ku ofesi ya Workers' Compensation ndi ku leba, ofesi ya boma yoona za anchito, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo musadikire miyezi chifukwa kuchedwa kumavutitsa nkhani. Zikavuta kuli a Legal Aid amene amathandiza anthu opanda ndalama ya loya.

Manje za mainsipekita. Malamulo tili nawo, si kuti kulibe. Factories Act ndi lamulo lakale la zaka za m'ma 1960 koma linanena momveka kuti malamba, mapule, mashafuti ndi mbali zonse zoopsa za makina zikhale zotchingidwa, ndi kuti ngozi zikuluzikulu zizinenedwa kwa insipekita. Occupational Health and Safety Act ya 2010 inaonjezera kuti bwana ali ndi udindo woteteza anchito ake, ndipo pamalo pamene pali anchito 10 kapena kuposa pakhale komiti yoona za chitetezo. Ku unduna wa Labour and Social Security kuli dipatimenti yake yoyendera malo a nchito. Koma tangoganizani kukula kwa chigawo chino, kuchoka ku Nyimba kudutsa Petauke, Sinda, Katete mpaka ku Lundazi, zigayo zili pafupifupi pa sitolo iliyonse ya m'mudzi, zina kumalo kumene nthawi ya mvula ngakhale Honda imavutika kufika. Insipekita ngakhale akhale wolimbikira chotani sangazione zonse, ndiye amapita kumene kuli geti ndi chikwangwani, kapena kumene kwachokera lipoti. Ife tikabisa lipoti tamuchotsera njira yokhayo imene akanadziwira.

Komabe aboma nawonso asabisale kumbuyo kwa kuchepa kwa anthu. Chigayo chili m'tauni chimalipira ku khansolo chaka ndi chaka, wa khansolo amafika ndithu kudzafunsa pepala la levi, chingalepheretse n'chiyani kuti pa ulendo womwewo ayang'ane zinthu zitatu chabe, gadi ilipo, sitata ndi yeniyeni, satifiketi ya Workers' Compensation ili pa chipupa? Sizifuna digiri ya uinjiniya. Ndipo kuyendera kodziwitsa sabata isanafike kuti tikubwera kulibe phindu, tonse tinaonapo tsiku limene aliyense pa yadi wavala helemeti yatsopano ndi magambutsi owala, alendo akangotuluka pa geti zonse zibwerera mu sitolo kukakiyidwa. Pa 28 April dziko lonse lapansi limakumbukira chitetezo cha pa nchito, timaguba ndi mabana ndi matisheti, n'zabwino, koma ndingakonde tsiku limenelo magalimoto a boma akanalowa m'makomboni osauza munthu.

Kwa eni makina, ndikudziwa kuti zinthu n'zothina, dizilo yakwera, malaiti osadalirika, masipeya odula, ambiri a inu munagula chigayo ndi ndalama ya penshoni kapena ngongole. Koma kulembetsa ku Workers' Compensation kumateteza inu nomwe, chifukwa tsiku la ngozi amene amanyamula mtolo ndi thumba lija, osati inu kugulitsa ng'ombe ndi kuyenda usiku ndi envulopu. Gadi wowotcherera aliyense wa pa Kapata angakupangireni ndi waya wa mesh tsiku limodzi. Kaloko kakang'ono kokiyira switchi, kiyi n'kukhala m'thumba mwa amene walowetsa dzanja m'makina, mtengo wake sufika ngakhale pa thumba limodzi la ufa.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena ngakhale ena sazakondwa. Ngozi ikachitika pa chigayo, mawa lake mu komboni mumveka zoti mwini wake anakhwimira, chigayo chimafuna magazi chaka chilichonse kuti bizinesi iyende. Pa nkhani ya mwana wa mlongo wanga zinamvekanso, achibale ena mpaka anafuna kupita kwa sing'anga kukafufuza. Ine zikhulupiriro za anthu sindilimbana nazo, koma onani chimene nkhani imeneyi imachita, tonse timayamba kuyang'ana kumdima pamene waya wolumikizidwa dailekiti uli poyera masana, aliyense akuuona. Mwini chigayo kutchedwa wokhwima sikumutayitsa ngwee, mwina anthu amayamba kumuopa kumene, ndiye palibe amene angayerekeze kupita ku leba. Chimodzimodzi mawu oti "linali tsoka lake" kapena "Mulungu ndiye adziwa", timatonthozana nawo pa chipatala ndipo ndi abwino pamenepo, koma asatseke pakamwa pa munthu amene akufuna kufunsa kuti gadi inali kuti.

Pa ngozi yeniyeniyo, choyamba zimitsani makina ku meini switchi musanakoke munthu. Dinani pa bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu, kwezani dzanja m'mwamba, thamangani ku chipatala. Musathire mafuta a buleki, dothi, fodya kapena makala pa bala, ndaonapo anthu akuchita zimenezi ndi mtima wofuna kuthandiza koma zimangopatsa madokotala nchito ina ndi kuitana kafumbata. Chala chikaduka chitoleni, kulungani m'kansalu koyera konyowa pang'ono, ikani m'pulasitiki yomanga bwino, pulasitikiyo muike m'madzi ozizira kapena a ayisi, osati chala kukhudza ayisi mwachindunji, mupite nacho, adokotala ndiwo aone ngati chingathandize. Ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete kufika msanga ndiye nkhani yaikulu.

Ndipo pali kuvulala kwina kumene kulibe magazi ndiye palibe amene amakuwerengera. Mnyamata amene wagaya zaka zingapo mukamulankhula amati "aa?" kawiri katatu, anthu amamuseka kuti wagontha ndi ufa. Phokoso lopitirira ma decibel 85 kwa maola 8 tsiku lililonse limaononga makutu pang'onopang'ono ndipo sabwerera, ndipo ngati pamalo mukuchita kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu amve, dziwani kuti phokosolo lafika kale poopsa. Fumbi la ufa, la thonje ku jinale, la matabwa, la simenti kwa oumba mabuloko limalowa m'chifuwa tsiku ndi tsiku, kansalu komanga pamphuno sikakwanira. Owotcherera ndi magalasi a dzuwa a pa msika usiku amagona ndi mbatata pa maso chifukwa maso akuwawa. Matenda obwera chifukwa cha nchito nawonso lamulo la kompenseshoni limawazindikira, koma kuti adziwike pamafunika munthu apite kukapimidwa ndi kunena nchito imene amagwira.

Kukolola kukangotha mashela ayamba kuyenda m'midzi pa ngolo ndi pa mathirakitala, mudzi ndi mudzi, ndipo amenewa ndiye palibiretu amene amawayendera chifukwa lero ali kwa Mpezeni mawa ali kwa Kawaza. Amagwira ndi anyamata otoledwa pomwepo, malipiro ndi tini ya chimanga, ana ang'onoang'ono atazungulira kutola zitsononkho pafupi ndi lamba. Kumeneko insipekita amene alipo ndi anyakwawa, a komiti ya kopaletivu, ndi mwini chimanga amene waitana shelayo. Inu amene mukulipira muli ndi mphamvu yonena kuti pakhomo panga makina opanda gadi sayaka, ana akhale kutali, ndipo ikatsekeka injini izime kaye munthu asanaikemo dzanja. Mwini shela akakana, itanani wina, nyengo imeneyo mashela amakhala ambiri.